Mwana ali m'manja mwa boma ku America: loya ndi jaji amalowa bwanji pa nkhani ya sukulu yake?

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti ku America kuli makhoti komwe jaji amakhala pampando nkumafunsa kuti mwana uyu wajomba masiku angati teremu ino, masamu akukhoza bwanji, galimoto yomutenga m'mawa ilipo kapena ayi. Nde munthu umafunsa kuti khoti ndi sukulu zikugwirizana pati? Ife tikamva khoti timaganiza za wakuba, za mkangano wa malo, mwina banja likutha, osati za ripoti la kusukulu. Koma kumeneko tsiku lililonse kuli ana oposa 300,000 amene akugona m'nyumba zomwe si za makolo awo chifukwa khoti linalamula choncho, ndipo mwana akangochotsedwa pakhomo, tizinthu tomwe mayi kapena bambo amapanga osaganiza nkomwe, kusaina fomu, kupita ku msonkhano wa aphunzitsi, kufunsa kuti lero bwanji sunapite, timatsala topanda mwini. Aliyense amaganiza kuti mnzake akuziona. Malo okhawo omwe onse amene agwira moyo wa mwanayo amakakamizika kukumana ndi kuyankha mafunso ndi m'khoti, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Ena mwa abale athu omwe ali kumeneko amagwira ntchito m'nyumba zosungira ana, ena akulera ana otere, ena ana awo anatengedwa ndipo sakudziwa poyambira, ndiye tiyeni tiyione bwinobwino.

## Foster care ndi chani kwenikweni

Foster care ndi pamene boma lachotsa mwana kwa makolo ake kwa kanthawi nkumupereka kwa wina kuti azimusamalira, khoti likuyang'anira. Chifukwa chomwe chimachuluka kwambiri si kumenya ayi, ndi kusasamalidwa, pena chifukwa makolo alowerera ndi mankhwala ozunguza bongo kapena mowa, pena kudwala maganizo, pena umphawi wasakanikirana ndi zonsezi. Mwanayo atha kupita kwa agogo ake kapena azakhali, atha kupita ku banja lachilendo lomwe boma linaliphunzitsa ndi kulipatsa chilolezo, kapena ku nyumba yosungira ana angapo komwe antchito amasinthana mashifiti.

Sizofanana ndi kutenga mwana kukhala wako mpaka kale. Makolo omubereka amakhala akadali makolo pa lamulo, ndipo cholinga choyamba nthawi zambiri chimakhala choti akonze zomwe zinavuta mwana abwerere. Sizofanananso ndi mmene timalererana kwathu, kuti malume angotenga mwana wa mchemwali wawo popanda pepala lililonse, chifukwa uku chilichonse chili ndi fayilo, pali wa social amene amayendera mwanayo, ndipo nkhani yake imaunikidwa pa miyezi 6 iliyonse. Lamulo la 1997 linawonjezera kuti pasanathe miyezi 12 jaji akhale pansi kuona tsogolo lokhazikika la mwanayo, abwerere kwawo kapena apeze banja lina. Masiku a khoti obwerezabwereza amenewa ndi amene amapereka mpata wofunsa za sukulu.

Dziwaninso kuti America ili ndi zigawo 50 zomwe amati ma state, ndipo state iliyonse ili ndi malamulo ake a ana. Boma lalikulu la ku Washington limapereka ndalama nkuika mfundo zoti atsatire, koma mmene zimachitikira ku California ndi ku Texas zimasiyana ndithu.

## Sukulu imasokonekera pati

Kumeneko mwana amapita ku sukulu ya boma malinga ndi adiresi ya komwe akugona. Sukuluzo zimayendetsedwa ndi maofesi a m'madera omwe amati ma district, alipo oposa 13,000 dziko lonse, ndipo iliyonse ili ndi mabuku ake, kalendala yake, ndi ndalama zake. Ndiye mwana akasamutsidwa kuchoka ku nyumba ina kupita ku ina, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa ana akuluakulu, mwachizolowezi sukulu nayonso imasintha, pakati pa teremu penipeni.

Pali chinthu china chomwe ife tinazolowera MSCE sitingachiganizire msanga. Ku sekondale ya kumeneko, giredi 9 mpaka 12, munthu samaliza ndi mayeso amodzi a dziko lonse ayi. Amasonkhanitsa ma credit, kutanthauza kuti phunziro lililonse ukalimaliza ndi kukhoza amakulembera mapointi ake, ndipo akakwana ndi pamene umalandira satifiketi. Tsono mwana akachoka mu March semesita isanathe, sukulu yakale imatha kunena kuti sanamalize ndiye palibe chomulembera, yatsopano imati wabwera mochedwa ayambirenso, ndiye miyezi itatu yomwe anadzuka m'mawa uliwonse nkumalemba ntchito yapita pachabe. Zikachitika kawiri katatu amapezeka ali ndi zaka 18 koma ma credit ake ndi a mwana wa giredi 10, ndipo ambiri amangogwa ulesi nkusiya.

Zili ngati mbande. Kuiwokera kamodzi imafota masiku angapo nkutsitsimuka, koma ukamaizula sabata iliyonse kuti apa sipali bwino tiyese apo, ngakhale dothi lake likhale lachonde chotani siigwira mizu. Kwa mwana amene wataya kale nyumba, makolo, pena ndi azing'ono ake omwe apita kwina, mphunzitsi amene amamudziwa dzina ndi anzake a mu timu ya mpira amakhala ndi chinthu chokhacho chomwe chatsala chosasintha.

Bungwe la kafukufuku la WestEd linatulutsa zotsatira mu 2013 litaphatikiza mafayilo a sukulu ndi a social ku California. Linapeza kuti mwa ana a mu foster care, pafupifupi awiri okha mwa atatu ndi omwe anakhala pa sukulu imodzi chaka chonse, pomwe ana ena, ngakhale ochokera m'mabanja osauka, oposa 90 pa 100 sanasinthe. Mwa omwe anali mu giredi 12, 58 pa 100 ndi omwe anamaliza, poyerekeza ndi 84 pa 100 ya ana onse. Chomwe chimandikhudza pa ziwerengerozi ndi choti ana amenewa anali kumbuyo ngakhale kwa anzawo osauka, ndiye vuto si umphawi wokha, pali china chomwe chimachokera ku kusamukasamukako ndi zomwe anadutsamo.

## Ndani amakhala m'khotimo

Pamakhala loya wa ofesi ya boma yoona za ana, loya wa mayi, pena wa bambo payekha, ndi woyimira mwana. Lamulo la 1974 lotchedwa CAPTA limati state yomwe ikulandira ndalama zake ionetsetse kuti mwana aliyense amene nkhani yake ya nkhanza kapena kusasamalidwa yafika ku khoti ali ndi guardian ad litem, yemwe ndi munthu woikidwa ndi khoti kuti afufuze ndi kuuza jaji zomwe zingamukomere mwanayo. Atha kukhala loya, athanso kukhala munthu wamba wophunzitsidwa.

Anthu wambawa ambiri ndi a bungwe lotchedwa CASA, ongodzipereka osalipidwa omwe khoti limawaika kuti azilankhulira mwana. Zinayamba mu 1977 ku Seattle ndi jaji David Soukup, yemwe ankaona kuti akugamula za moyo wa ana asakudziwa zokwanira za iwo. Wa CASA amakhala ndi mwana mmodzi kapena banja limodzi, ndiye amakhala ndi nthawi yopita ku sukulu, kucheza ndi aphunzitsi, kuona ripoti ndi maso ake.

Apa pali mtsutso womwe sunathe. Ena amati mwana azikhala ndi loya weniweni amene amanena zomwe mwanayo akufuna, ngati mmene loya amachitira ndi kasitomala wamkulu, chifukwa mwana wa zaka 15 amadziwa moyo wake kuposa aliyense m'chipindamo. Ena amati ayi, woyimira mwana azinena zomwe iye waona kuti ndi zabwino ngakhale mwanayo asagwirizane nazo, poti mwana atha kufuna chinthu chomupweteka. Ma state ena anasankha njira yoyamba, ena yachiwiri, ena amaphatikiza. Pa nkhani ya sukulu kusiyanaku kumaoneka, mwachitsanzo mwana akamati ndikufuna kusiya sukulu yapaderayi ndipite komwe kuli anzanga, pomwe akuluakulu akuona kuti yapaderayo ndi yomwe ikumuthandiza.

## Malamulo omwe loya amagwira m'manja

Loya sangangopempha chifundo, amayenera kuloza lamulo. Pali atatu a boma lalikulu omwe anasintha zinthu.

Loyamba ndi la 2008, Fostering Connections, lomwe anasaina George W. Bush. Linauza a social kuti posankha komwe mwana akagone aziganizira kutalika kwake ndi sukulu yomwe akuphunzira, agwirizane ndi a sukulu kuti akhalebe komweko, ndipo ngati kukhalako sikumukomera alembetsedwe ku yatsopano nthawi yomweyo mafayilo ake atumizidwe. Vuto linali loti lamuloli linkalamula a social okha, a sukulu nkumati ife silikutikhudza.

Lachiwiri ndi laling'ono koma lofunika. Kuyambira 1974 kuli lamulo loteteza chinsinsi cha mafayilo a ana a sukulu, loti sukulu isapereke ripoti kwa wina popanda chilolezo cha kholo. Nde taganizani, wa social amene akuyang'anira mwana akupita ku sukulu kukapempha magiredi akumubweza kuti kabwereni ndi siginecha ya mayi ake, pomwe mayiwo sakudziwika komwe ali. Mu January 2013 anakonza ndi lamulo la Uninterrupted Scholars Act, kuti ofesi yomwe ili ndi udindo pa mwanayo izitha kuona mafayilowo.

Lachitatu ndi ESSA, lamulo lalikulu la maphunziro lomwe Barack Obama anasaina mu December 2015, ndipo ndime zake za ana a mu foster care zinayamba kugwira ntchito mu December 2016. Ili ndi lomwe linamanga a sukulu nawonso. Likuti mwana akhalebe pa sukulu yake yakale pokhapokha zitaunikidwa nkupezeka kuti kusintha ndi komwe kungamukomere. Likuti akasintha, sukulu yatsopano imulandire pompopompo ngakhale alibe mapepala omwe amafunika nthawi zonse, ndipo iyo ndi yomwe iyimbire sukulu yakale kupempha mafayilo. Likuti ma district alembe ndondomeko ya thiransipoti mogwirizana ndi a social. Likutinso ma state azitulutsa poyera mmene ana amenewa akukhozera ndi angati akumaliza, paokha, asabisike m'chigulu cha ana onse.

Kuunika kuja, kofuna kuona ngati mwana asinthe sukulu kapena ayi, ndi pomwe loya wabwino amaonekera. Amayang'ana zinthu ngati zomwe mwanayo akufuna, watsala ndi miyezi ingati kuti chaka chithe, azibale ake akuphunzira kuti, ulendo wake ndi wautali bwanji poganizira msinkhu wake, pali chiopsezo chanji ku sukulu yakaleyo, kodi nyumba yatsopanoyi akhalitsa kapena ndi ya masabata awiri. Mwana wa zaka 6 kumukweza galimoto ola limodzi ndi theka kupita, ola limodzi ndi theka kubwerera, mwina sizomukomera. Wa zaka 17 amene watsala ndi miyezi inayi kuti amalize, ulendo womwewo ndi waung'ono poyerekeza ndi zomwe angataye. Malangizo omwe maunduna a maphunziro ndi a zaumoyo anatulutsa limodzi mu 2016 ananena kuti mtengo wa thiransipoti usalowe nawo pa kuunikaku.

Komabe ndalama ndi pomwe zimakanirira. Lamulo likuti ndalama zowonjezera za ulendo alipire a social, kapena a district, kapena agawane, malinga ndi mmene agwirizanirana. A district amati bajeti yathu ndi ya ana a m'dera lathu ndipo mabasi ndi madalaivala akuchepa kale, a social amati ifenso ndalama zathu ndi zowerengeka, ndipo onse akunena zoona, koma pomwe akukambiranapo mwana ali pakhomo sakupita ku sukulu.

## Tiyerekeze tsiku limodzi m'khoti

Iyi ndi nkhani yongoyerekeza kuti muone mmene zimayendera. Mtsikana wa zaka 16, giredi 11, banja lomwe limamusunga lanena kuti silingapitirize, ndiye wapezeredwa malo ena makilomita 40 kuchoka pa sukulu yake, mwezi wa March. Ripoti la wa social lili ndi masamba ambiri a za umoyo, za kuchezerana ndi mayi ake, za mankhwala, koma pa maphunziro pangolembedwa mzere umodzi woti akulembetsedwa ku sukulu yapafupi.

Loya wake akuimirira. "Olemekezeka, msonkhano wounika ngati asinthe sukulu sunachitike. Watsala ndi masabata 10 kuti semesita ithe, ndipo phunziro la chemistry lomwe akutenga ku sukulu yatsopanoyo kulibe teremu ino. Akachoka pano ataya zonse."

Jaji akutembenukira kwa wa social. "Mwalankhula ndi a district za galimoto?" Wa social akuti anatumiza imelo sanayankhidwe. Kenako jaji akuyang'ana mtsikanayo. "Nanga iwe mwanawe, ukufuna chani?" Iye akuyankha motsitsa mawu, "Ndikufuna ndimalize komwe ndili bwana, ndikhoza kumadzuka 5 koloko palibe vuto."

Zomwe jaji alembe apa ndi zomwe zili ndi ntchito. Akangonena kuti yesetsani, palibe chichitike. Akalemba kuti mwana akhalebe pa sukulu yake kufikira msonkhano utachitika, ofesi ya ana ipeze galimoto kuyambira Lolemba pomwe ikukambirana ndi a district za wolipira, ndipo onse abwerenso pakatha masiku 14 ndi pepala la masiku omwe wapita ku sukulu, ndiye kuti pali munthu wodziwika dzina amene adzayankhe. Bungwe la majaji a makhoti a ana ndi mabanja ku America linakonza mndandanda wa mafunso a za sukulu oti jaji azifunsa pa tsiku lililonse la khoti, ndipo bungwe la maloya la American Bar Association lili ndi nthambi yoona za foster care ndi maphunziro yomwe imaphunzitsa maloya zomwezi. Nzeru yake ndi yosavuta: wa social ndi loya akadziwa kuti jaji uyu amafunsa za sukulu nthawi zonse, amayamba kupita ku sukuluko tsiku la khoti lisanafike.

Khoti nalonso limatha kukhala gwero la vuto. Mwana amajomba chifukwa cha tsiku la khoti, la kuchipatala, lokaonana ndi makolo, la uphungu, zonse zoikidwa 10 koloko m'mawa chifukwa ndi nthawi yomwe akuluakulu ali omasuka. Jaji atha kungosuntha milandu ya ana a sukulu kukhala masana, ndipo loya atha kupempha kuti maulendo enawo azikhala akaweruka.

California inayamba kale pa zimenezi. Lamulo lake lotchedwa AB 490, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2004, linati district iliyonse ikhale ndi munthu woona za ana a mu foster care, mafayilo asamutsidwe m'masiku awiri a ntchito, mwana asatsitsidwe magiredi chifukwa anajomba popita ku khoti kapena posamutsidwa, komanso ntchito yomwe wagwira ngakhale sanamalize semesita iwerengedwe. Kenako anawonjezera lina loti mwana amene wasintha sukulu atadutsa chaka chachiwiri cha sekondale atha kumaliza ndi maphunziro ochepa omwe state imafuna osati onse omwe district yawonjezera. Ili lili ndi mbali ziwiri, limamuthandiza kutenga satifiketi pa nthawi yake, koma atha kutuluka alibe maphunziro ena omwe yunivesite imafuna, ndiye loya amayenera kukhala naye pansi kumufotokozera asanasankhe.

## Ndani asaine

Ili ndi funso lomwe limasokoneza anthu ambiri, ngakhale a sukulu omwe. Mwana akatengedwa sindiye kuti mayi ake ataya mphamvu zonse ayi. M'ma state ambiri kholo limakhalabe ndi ufulu wosankha za maphunziro a mwana kufikira jaji atauchepetsa. Ngati khololo likubwera ku misonkhano, likuyankha foni, likutsatira, ndi bwino likhalebe ndi ufuluwo chifukwa mwanayo mwina abwerera kwa ilo. Koma ngati silikupezeka, fomu imakhala pa tebulo miyezi yambiri. Apa jaji atha kusankha munthu wina, agogo, womulera, wa CASA, mphunzitsi wakale wa mwanayo, kuti akhale wosankha za maphunziro. Ku California kuli fomu yake yapadera ya khoti, JV-535, pomwe pamalembedwa dzina la munthuyo kuti sukulu isakayike.

Zimafika povuta kwambiri pa ana olumala kapena ovutika kuphunzira, ndipo mu foster care ana otere ndi ochuluka kuposa mwa ana ena. Lamulo la IDEA, lomwe linayamba mu 1975 ndi dzina lina, limapatsa mwana wotere ufulu wopimidwa ndi kulandira thandizo lapadera kwaulere, lolembedwa mu pulani yake yake yomwe amati IEP. Koma pafupifupi sitepe iliyonse imafuna kholo, kuvomereza kupimidwa, kuvomereza thandizo loyamba, kudandaula ngati sukulu sikuchita. Ndipo lamuloli limakana kuti wogwira ntchito ku sukulu kapena ku ofesi yomwe ikusunga mwanayo akhale woimira kholo, kutanthauza kuti wa social sangasaine, chifukwa sangathe kukangana ndi boma lomwe amaligwirira ntchito. Ndiye payenera kuikidwa woimira kholo wapadera, lamulo likuti ayesetse pasanathe masiku 30, ndipo jaji amene akuona nkhani ya mwanayo ali ndi mphamvu yomusankha yekha.

Loya amene akudziwa zimenezi amafunsa kuti pulani ija inatsatira mwana ku sukulu yatsopano kapena inatsala m'kabati ku yakale. Amafunsanso ngati pulaniyo ili ndi nzeru. Mu 2017 Khoti Lalikulu la America, pa mlandu wa Endrew F. wochokera ku Colorado, linagamula kuti IEP iyenera kukonzedwa moti mwana apite patsogolo malinga ndi mmene alili, osati kangachepe kongoti tachitako. Palinso mbali ina yofunika kusamala, mwana amene wangosiyana ndi mayi ake ndipo sakugona usiku atha kuoneka ngati wosagwira mutu kapena wovuta, nkumuika m'kalasi yapadera pomwe chomwe akufunika ndi uphungu ndi nthawi. Woyimira mwana amayenera kuyang'ana mbali zonse ziwiri, wosowa thandizo alipeze, wosafunika asakankhidwiremo.

Pa nkhani ya chilango ndingodutsa mwachidule. Kuyambira mlandu wa Goss v. Lopez mu 1975, mwana wa sukulu ya boma asanaimitsidwe ngakhale masiku ochepa ayenera kuuzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata wolankhula. Ngati ali ndi IEP ndipo akufuna kumuchotsa masiku oposa 10, payenera kukhala msonkhano woona ngati zomwe anachitazo zachokera ku vuto lake. Mwana wa makolo ake amapita ku ofesi ya ahedi ndi mayi ake, wa mu foster care nthawi zambiri amakhala yekha, ndipo kuimitsidwa kumatha kupangitsa womulera kunena kuti ine ndimapita ku ntchito sindingamusunge masana, basi nyumba yatha, sukulu yasinthanso.

## Akamayandikira zaka 18

Kale m'ma state ambiri mwana akakwana zaka 18 fayilo imatsekedwa. Lamulo la 2008 lija linalola ma state kupitiriza kumusamalira mpaka zaka 21 ndi thandizo la ndalama za boma lalikulu, ngati akuphunzira, akugwira ntchito, kapena pali chifukwa cha umoyo, ndipo ambiri anatero. Kafukufuku wa a Chapin Hall ku yunivesite ya Chicago, amene anatsatira achinyamata oposa 700 a ku Illinois, Iowa ndi Wisconsin kwa zaka zingapo, anaonetsa kuti a ku Illinois, komwe ankaloledwa kukhalabe mpaka 21, ankayamba koleji mochuluka kuposa anzawo, ngakhale omaliza ndi digiri anali ochepa kwambiri kumbali zonse.

Thandizo liripo koma limafuna wokuuza. Pali ndalama za pulogalamu ya Chafee, yothandiza achinyamata omwe akutuluka mu foster care, yomwe inayamba mu 1999, ndi mavocha a maphunziro ofika madola 5,000 pa chaka, omwe kuyambira 2018 atha kuperekedwa mpaka zaka 26. Pa fomu yopempha thandizo la fizi ku boma, amene anakhalapo mu foster care ali ndi zaka 13 kapena kuposa amawerengedwa ngati woima payekha, safunsidwa za ndalama za makolo. Ma state ena monga Texas amachotsa fizi ku makoleji a boma kwa achinyamata otere. Zambiri mwa izi zimadalira msinkhu womwe munthu anali nawo potuluka mu foster care, ndiye loya wosamala amawerenga masiku fayilo isanatsekedwe, chifukwa kutseka masabata ochepa tsiku lobadwa lisanafike kutha kumutayitsa mwana ndalama za zaka zingapo. Lamulo la 2014 linawonjezera kuti mwana wa zaka 14 kupita m'mwamba azitenga nawo mbali polemba pulani yake, ndipo wotuluka ali ndi zaka 18 apatsidwe satifiketi yake yobadwira, chiphaso, ndi mapepala a kuchipatala. Jaji atha kukana kutseka nkhani mpaka mapepalawo ataoneka.

## Pomwe mphamvu za khoti zimathera

Jaji wa nkhani za ana amalamula ofesi ya ana ndi makolo chifukwa ndi omwe ali mu mlanduwo, koma sukulu nthawi zambiri siili mu mlanduwo, ndiye kuilamula mwachindunji kumavuta. Ma state ena, California ndi imodzi, amalola jaji kuitanitsa district kuti ilowe mu mlandu ngati yalephera udindo wake. Kwina loya amayenera kutsata njira zodandaulira za ku maphunziro, zomwe ndi ntchito ina payokha ndipo si loya aliyense wa ana amene anaiphunzira. Maloyawa amakhalanso ndi ana ambirimbiri pa munthu mmodzi, ena amakumana ndi mwana pakhonde la khoti mphindi zochepa asanalowe. Kuyambira 2019 boma lalikulu linayamba kulola kuti ndalama zake za foster care zilipireko mbali ya maloya a ana ndi a makolo, zomwe zathandiza ma state ena kuwonjezera anthu. Ndipo pali ena amene amati khoti lisamalowerere kwambiri, jaji si mphunzitsi, zosankha za m'kalasi azisiyira odziwa, pomwe ena amati popanda jaji kufunsa palibe amene amafunsa.

Kwa omwe muli ku England, kumeneko anatenga njira ina, lamulo la 2014 linalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi mkulu amene ntchito yake ndi kutsatira maphunziro a ana onse omwe ali m'manja mwa khonsoloyo ngati kuti ali pa sukulu imodzi, ndipo mwana aliyense amakhala ndi pulani yake ya maphunziro. Ku Malawi lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana linakhazikitsa makhoti a ana ndipo lili ndi ndime za kulera ana mwa njira imeneyi kudzera ku ofesi ya social welfare, ngakhale ana ambiri osowa makolo amaleredwa ndi achibale osadutsa ku khoti.

Ngati ndinu kholo ku America ndipo mwana wanu ali mu foster care, funsani loya wanu ngati ufulu wanu wosankha za sukulu ulipobe, ndipo ngati ulipo uzani sukulu nambala yanu, pemphani kuti azikuitanani ku misonkhano, ndipo ngati Chingerezi cha m'khoti chikukuvutani pemphani womasulira. Ngati ndinu amene mukumulera, sungani ripoti lililonse, kalata iliyonse ya ku sukulu ndi pepala la ma credit, mupatse loya wa mwanayo kapena wa CASA tsiku la khoti lisanafike, chifukwa jaji amagamula ndi zomwe zili mu fayilo pamaso pake.